Makapisozi a mbuya wanga

Masiku ano ndimawerenga ndi diso limodzi. Lamanzere lilipo ndithu, limatseguka m'mawa pamodzi ndi linzake, koma ndikaliloza pa tsamba limangoona ngati wina wagwira pakati pa pepala ndi chala cha mafuta. Ndiye ndimapendeketsa mutu ngati nkhuku yoyang'ana mphamba kumwamba. Amake ana amati ndikamawerenga ndimaoneka ngati ndikulikayikira bukulo. Mwina akunena zoona. Kukayikira ndinakuphunzira, kungoti mochedwa, ndipo sukulu imeneyo ndinalipira ndi disoli.

Sukulu yeniyeni ndinalekezera giredi seveni kwathu ku Katete, atate asanatisamutse kubwera kuno kufupi ndi Chalimbana kudzalima. Koma chilakolako cha zilembo sichinandichoke. Ophunzira a pa koleji ya ku Chalimbanako, imene tsopano ndi yunivesite, akamatsekera ankasiya mabuku othothoka zikuto, ine n'kumawasinthanitsa ndi matimati. Motero ndinawerenga za mapiri a kutali, za kaphunzitsidwe ka ana, ndi theka la buku la ulimi wa njuchi. Theka linalo sindinalipeze mpaka lero, n'chifukwa chake njuchi ndilibe. Ndine munthu amene ndimayamba ndawerenga nyuzipepala yokulungira vitumbuwa ndisanalume chitumbuwacho. Ng'ombe ndilibe, galimoto ndilibe. Chuma changa chinali maso.

Wina amene ali m'nkhaniyi ndi mbuya wanga, Mubemba. Ife a kum'mawa ndi Abemba a kumpoto timatchulana mbuya, ndipo chimbuya n'chilolezo chonyozana. Iwo amati ife timadya mbewa, ife timati iwo amadya anyani. Mbuya akhoza kukulanda chipewa pamsika, kapena kukutcha kapolo wake pamaso pa apongozi ako, ndipo sukwiya. Umangomubwezera chipongwe choposa chake. Ngakhale tonse tinali ndi imvi, tinkaitanana kuti iwe, ngati ana oweta mbuzi.

Ndinamudziwa pa maliro a atate, iye akuyendetsa thirakitala pa famu ina nthawi imeneyo. Anabwera ndi ufa m'dzanja, n'kundipaka kumaso ndili mkati molira, n'kulengeza kwa anthu onse kuti mkuluyo watsamwidwa ndi mchira wa mbewa. Ndinaseka, misozi ikudula tinjira mu ufa. Kenako anavula malaya, n'kulowa m'dzenje ndi khasu, ndipo sanatulukemo mpaka manda atakwana. Kuyambira tsiku limenelo ndinakhazikitsa chinthu chimodzi mumtima: munthu amene amakuuza zoipa zonse pamaso sangakubisire kanthu. Ena onse akhoza kukukometsera mawu, mbuya ayi. Zimenezi sindinaziwerenge m'buku lililonse, ndinazipeka ndekha, ndipo ndinkazinyadira.

Nditapitirira zaka makumi asanu, mimba inatuluka. Matimati anali atachita bwino zaka zingapo, ndipo amake ana ankainyadira mimbayo ngati ndi dimba lawo. Koma pamodzi ndi mimba kunabwera kutopa. Khasu linayamba kulemera dzuwa lisanakwere. Komanso m'nyumba zinthu zinazirala, amuna anzanga amvetsa. Amake ana sanadandaule, ndipo kusadandaula kwawoko n'kumene kunkandipweteka. Nkhaniyi sindinauze m'busa, sindinauze m'bale. Ndinauza mbuya, tikukankha njinga pa chitunda pochokera ku msika wa Chongwe. Ndinkayembekeza kuti aseka mpaka kugwetsa njinga. Sanaseke. Anangoti pali njira, ndipo andionetsa.

Iye anali ataphwa thupi chaka cha m'mbuyo mwake. Munthu amene kale ankadzaza mpando wa thirakitala tsopano ankapinda thalauza m'chiuno. Anali atalowa kampani ina ya ku Lusaka yogulitsa mankhwala a m'mabotolo, ankavala sikipa yawo ngakhale Lamlungu mkati mwa jekete, ndipo aliyense womufunsa za thupi lake ankamuuza kuti ndi makapisozi. Anandionetsa makanema pa foni. Azungu onenepa akudzibaya jakisoni pamimba, kenako omwewo ataonda akuthamanga ndi agalu. Madoda a imvi akunyamula zitsulo, akazi awo akumwetulira pambali. Anati jakisoniyo ndi wa anthu olemera, koma makapisozi ake ndi mphamvu yomweyo, angoitsitsa kuti ifike kwa ife. Botolo lobiriwira linali losungunula mafuta. Lakuda linali lobwezeretsa mphamvu za abambo.

Apa ndiye pamene kuwerenga kwanga kunandithandiza kugwa bwino. Ndinabwereka foni ya mwana wanga wamkazi n'kuwerenga zonse zimene ndinapeza za chinthu chotchedwa tesitositeroni, mawu amene lilime langa limapunthwa nawo mpaka lero. Zolembazo zinkati mwamuna akamakula madzi amenewa amachepa m'thupi, ndiye amatopa, amatuluka mimba, amazirala. Ndinadziona ndekha mu mzere uliwonse. Sindinadzifunse kuti walemba ndani, kapena chifukwa chake pansi pa nkhani iliyonse panali chithunzi cha botolo. Tsiku lotsatira ndine amene ndinkamufotokozera mbuya mmene mankhwala ake amagwirira ntchito, iye akungogwedeza mutu ngati mwana wa sukulu.

Komabe ndinazengereza kugula, ndipo iye anadziwa pondigwira. Lamlungu lina titatuluka m'tchalitchi, anthu ali mbwee pabwalo, anandisisita mimba ndi manja awiri.

“Uzabeleka liti, iwe wa mbewa? Azimayi a chigwirizano afuna kuziba, akonze matewera.”

“Ni mwana wa nyani ali mkati,” ndinayankha. “Akabadwa nizakuitana ukatenge m'bale wako.”

Anthu anaseka, ndipo ndinapambana ndine. Koma popita kunyumba ndinkayenda nditakoka mimba mkati, ndipo sabata yomweyo mabotolo awiri anali pa windo la kuchipinda. Ndinayesa kuwerenga zolembedwa kumbuyo kwake. Zilembo zinali zing'onozing'ono, zikuyandama. Ndinadzudzula osindikiza kuti akuumira pepala. Ine amene ndimawerenga thumba la feteleza mpaka adiresi ya fakitale, ndinameza chinthu chimene sindinathe kuwerenga, chifukwa wondipatsa anali mbuya.

Ndipo thupi linayambadi kuphwa. Lamba ndinaboola bowo latsopano, kenako lina. Ndinkadziyang'ana pa galasi la shopu ku Chongwe n'kumadzipatsa moni. Za botolo lakuda ndinene zoona, palibe chimene chinasintha, koma mbuya anati mphamvu imadikira mafuta achoke kaye, ngati mmene sudzala chimanga m'munda wosasosa. Fanizolo linandikomera, moti ndinkalibwereza ndekha ndikupalira.

Kenako kunabwera ludzu. Silinali ludzu la munthu wochokera kumunda. Ndinkamwa kapu, ndikuikhazika pansi kukhosi kwauma kale. Kuthengo ndinkapita kosalekeza, moti mzere umodzi wa matimati ndinkauthirira mopumira. Tsiku lina amake ana anandiitana kuseri kwa khola, kumene ndinkakonda kutayira madzi, n'kundilozera pansi. Nyerere zinali zitaunjikana pamalopo ngati pagwa shuga. Anati zimenezi sanazionepo, tipite kuchipatala. Ine ndinawauza, ndi mawu a munthu wowerenga, kuti thupi likudziyeretsa.

Koma mtima sunakhazikike, ndiye ndinakamufunsa mbuya. Ndinamupeza akukonza tcheni cha njinga pansi pa mtengo wa mango. Ndinamuuza zonse, ludzu, kukodza, nyerere. Ndikukumbukira bwino kuti manja ake anaima. Anayang'ana tchenicho nthawi yaitali osachigwira. Pa nthawiyo ndinaganiza kuti akusinkhasinkha za mankhwala ake.

“Ni mafuta yamene yachoka,” anatero pomaliza, maso ali pa njinga. “Mafuta yali na shuga mkati. Nyerere zikutsatira m'bale wawo wa kumauna, osadabwa.”

Ndinamubwezera china chake cha michira ya anyani, tinaseka, ndipo ndinabwerera kunyumba ndi botolo lobiriwira latsopano.

Maso anatsatira. Ku mphakati wathu, kumene mabanja oyandikana timakumana kupemphera pakati pa sabata, wowerenga Mawu ndinali ine kuyambira kale. Tsiku lina ndinatsegula Baibulo, mizere n'kuyamba kukwerana. Ndinalitalikitsa, ndinaliyandikitsa. Ndinamaliza ndimeyo pamtima, chifukwa ndinkaidziwa, ndipo palibe anazindikira kupatula amake ana. Ndinachita mantha enieni tsiku limenelo. Mimba ndi zinazo ndikanatha kukhala nazo, koma kukhala pakhonde buku lili pamiyendo osaliona, zimenezo ayi. Ndinamuuzanso mbuya. Anati ndi chifunga chongodutsa, ambiri chimawachitikira, ndipo ndisathamangire kuchipatala chifukwa anesi sadziwa mankhwala atsopano, angondiletsa ndili pafupi kufika. Ndinamvera. Mvula inayamba, chimanga chinamera, chinafika m'chiuno, ine ndikudikira chifunga chidutse.

Nthawi yonseyi iye ankandionetsa kwa anthu. Pamsika ankandigwira dzanja n'kundizunguza ngati mbuzi yogulitsa, akuuza madoda kuti aone mbuya wake, mimba ija yapita kuti. Ena ankagula. Koma ife a msinkhu wathu tinaika m'manda anzathu ambiri m'zaka za kaliondeonde, ndipo kuno munthu akaonda mofulumira anthu sayamba n'kuyamikira. Amake ana anayamba kufunsidwa mafunso aulemu kwambiri ku mjigo. Tsiku lina m'mawa ndinawapeza atavala chitenje cha paulendo, mabotolo onse awiri atawamanga pa nsonga yake.

“Imwe atate, lelo tiyenda ku Chongwe. Mukakana, niyenda nekha nikawauze kuti mwamuna wanga akutha nikuona.”

Sanakweze mawu. Ndinavala nsapato.

Kuchipatala namwino anandibaya chala, n'kuika dontho la magazi pa kamakina. Anayang'ana, anaitana mnzake, nayenso anayang'ana, kenako onse anandiyang'ana ine. Anandifunsa ngati ndabwera ndikuyenda ndekha. Anati ndi matenda a shuga, ndipo akhala m'thupi nthawi yaitali. Kutopa kuja, kuzirala kuja, kuonda, ludzu, maso, zonse zinali za nthenda imodzi. Amake ana anamasula mabotolo. Namwinoyo anawatembenuza, anawerenga kumbuyo, n'kunena mosabisa kuti sangadziwe zimene zili mkati, ndipo sanganene kuti ndi amene anabweretsa shuga. Chimene anganene n'choti si makapisozi amene ankandiondetsa. Ndinkaonda chifukwa thupi linkadzidya lokha, ine n'kumaboola lamba mosangalala.

Anandipatsa mankhwala, n'kundiuza kuti ndidzabwerenso m'mawa wa tsiku limene amaona odwala shuga okhaokha, ndisanadye kanthu. M'minibasi pobwerera ndinkaganiza za mbuya, koma momumvera chisoni. Ndinkati nayenso anamunamiza a kampani aja, ndikamuchenjeze, mwina nayenso akayezetse, popeza anaonda ngati ine.

Tsikulo litafika ndinalawira. Pa benchi panali kale anthu, ambiri amayi achikulire, aliyense ndi kachikwama ka chakudya chodzadya akayezedwa. Kumapeto kwa benchi kunali bambo atatsitsa kapusi kumaso, wopanda sikipa ya kampani. Nsapato ndi zimene ndinazizindikira. Ndisanatsegule pakamwa namwino uja anatulukira, n'kumupatsa moni ngati munthu wa pakhomo, akumudzudzula kuti mwezi watha sanabwere. Atandiona ine anasangalala.

“Khalani pafupi na aba. Ni akale pano, azakuphunzitsani vakudya.”

Ndinakhala. Kwa kanthawi tonse tinkayang'ana khoma, pamene panali chithunzi cha phazi lotupa. Kenako ndinamufunsa kuti anayamba liti kubwera kuno. Anati kalekale. Ndinafunsa ngati ndi asanalowe kampani ija kapena atalowa. Anati asanalowe.

Ndiye kuti thupi lija ankationetsa, thalauza lopinda m'chiuno lija, sanali makapisozi. Inali shuga. Anaonda ndi nthenda, n'kutenga kuonda kwakeko kukhala chikwangwani cha malonda.

“Nyerere unaziziba,” ndinatero.

Kenako anayamba kulankhula motsitsa, mawu ambiri. Anati ankaganiza kuti mwina kwa ine n'zina. Anati a kampani amafuna munthu azigulitsa mwezi uliwonse apo ayi amamuchotsa, ndipo ntchito ya thirakitala inatha kale. Anati nayenso makapisoziwo ankamwa, pamodzi ndi a kuchipatala, poganiza kuti mwina amathandizadi. Anati ankafuna kundiuza chimanga chikakhwima. Mwina zina mwa izo zinali zoona. Ine ndinkangoona manja aja ataima pa tcheni. Pamenepo ankadziwa dzina la nthenda yanga, ankadziwa khomo loyenera kugogoda ndi tsiku lake, ndipo anasankha kundiuza nthabwala ya nyerere.

Kenako anayesa njira yathu yakale. Anakweza mawu kuti amayi aja amve.

“Onani, mbewa yanitsatira mpaka kuno. Yamva fungo la shuga.”

Amayi anaseka, n'kutembenukira kwa ine kudikira yankho, chifukwa aliyense amadziwa kuti mbuya sasiyidwa choncho. Yankho ndinali nalo, labwino ndithu, linafika mpaka pa lilime. Ndinalimeza. Kuseka kunazima pang'onopang'ono, mayi wina n'kuyamba kufufuza m'chikwama chake.

Za maso ananditumiza ku Lusaka. Shuga itatsika, diso lamanja linayera, ndipo tsiku limene ndinawerenganso chikwangwani cha minibasi chili patali ndinatsala pang'ono kuwombera m'manja kondakitala. Lamanzere silinabwerere. Dokotala anati timitsempha ta mkati tinawonongeka. Ndinamufunsa ngati likanapulumuka ndikanabwera pamene ludzu linayamba. Anali munthu woona mtima, anati sangalumbire, nthendayi imayamba kugwira ntchito yake mwakachetechete, koma miyezi imene ndinakhala ndikudikira sinandithandize. Yankho limenelo ndimalitembenuza kawirikawiri. Silindipatsa mpata woti ndinene kuti mbuya anandiphera diso, komanso silimumasula.

Tsopano ndimamwa timapiritsi ta kuchipatala, topanda chithunzi cha munthu wonyamula zitsulo. Tiyi ndimamwa wopanda shuga, ndipo amakoma ngati chilango. Ndiwo zamasamba zachuluka m'mbale, zinazo zachepa. Mphamvu zinabwerera pang'ono, mwakachetechete, ndipo pa nkhani imeneyo ndilekeza pomwepa chifukwa amake ana amadziwa kuwerenga. Pa foni makanema aja akubwerabe, jakisoni watsopano, botolo latsopano, onse akulonjeza kuti pofika mwezi wamawa udzakhala mnyamata. Mwina alipo amene mankhwala otero amawathandiza dokotala atawayeza, sindikutsutsa zimene sindidziwa. Koma wogulitsa botolo sanandibayepo chala. Madoda ena amene anagula ataona ine ndinawayendera mmodzimmodzi, ndipo amene amandifunsabe mobisa za botolo lakuda ndimawauza kuti ayambe akayezetsa magazi. Ena amapita. Ena amaona ngati ndikuwabisira chinsinsi.

Mbuya anabwera kunyumba titakolola. Amake ana anamupatsa mpando, n'kulowa m'nyumba osafunsa za kwawo. Anatulutsa m'thumba magalasi owerengera, a mtundu umene amagulitsa m'misewu ya ku Lusaka, atawakulunga mu kansalu. Anati wamva kuti mbewa yake siona bwino m'una, ndiye waibweretsera mawindo. Anaseka yekha pang'ono, akundiyang'ana.

Ndinawavala, n'kutsegula buku la njuchi lija. Ku diso lamanja zilembo zinakula, zinaoneka bwino ndithu. Ndinatseka lamanja. Chala cha mafuta chija chinali pomwepo, pakati pa tsamba, chitangokula nacho.

Ndinawavula, ndinaimirira, n'kumuthokoza nditawagwira ndi manja awiri monga timachitira kwa mlendo wolemekezeka.

“Zikomo kwambiri, bambo. Mwachita bwino kutiyendera. Muyende bwino.”

Chiyambire tsiku la maliro a atate ndinali ndisanamutchulepo bambo. Nkhope yake inagwa kuposa mmene ikanagwera ndikanamutukwana. Anakhala pang'ono akupukuta kapusi pa bondo, kudikira ngati pabwera mawu ena, a nyani kapena a mchira. Sanabwere. Anakankha njinga mpaka kumsewu osaikwera.

Timaonanabe pa benchi ija mwezi ndi mwezi, ndipo timapatsana moni waulemu, wofunsana za kunyumba ndi za mvula. Magalasiwo ndimawagwiritsa ntchito, chifukwa kunyada kwanga sikufika poti ndisiye buku losawerenga. Kungoti ndikawavala ndimakumbukira amene anawagula, kenako n'kupendeketsa mutu kufunafuna pamene ndinalekezera.